Masiku Amene Ankasambitsa Mose ku Roma

Akuluakulu anga atandituma ku Roma kukawonjezera maphunziro, ndinali kale ndi imvi za m'mbali, ndipo ansembe achinyamata amene ndinkakhala nawo nyumba imodzi ankandiseka kuti ndatsegula parishi yanga yamseri. Ankanena tchalitchi cha San Pietro in Vincoli. Sankanama kwenikweni. Mabuku akandikwana, kapena Chitaliyana chikandilemera pakamwa, mapazi ankangonditengera komweko.

Kuti ukafikeko kuchokera mumsewu wa Via Cavour, umakwera masitepe olowa kunsi kwa nyumba yakalekale, mumdima wonunkha chinyezi, n'kutulukira pabwalo lodzaza njinga zamoto. Colosseum ili chakumunsi, pafupi pomwepo. Kunja kwake tchalitchichi sichikopa maso: khonde la mizati, zitseko zazitsulo, basi. Khomo loyandikana nacho ndi la ophunzira zauinjiniya a yunivesite ya La Sapienza, amene analowa m'nyumba momwe kale munkakhala ansembe a chipani chosamalira tchalitchichi. Chinamangidwa m'zaka za m'ma 400 kuti musungidwe maunyolo amene mwambo wa Mpingo umati anamangira Petro Woyera m'ndende, nkhani ija ya pa Machitidwe a Atumwi mutu 12. Maunyolowo alipo mpaka lero, m'bokosi lagalasi kunsi kwa guwa lalikulu. Koma alendo ambiri sabwerera maunyolo. Amalowa, kumwaza maso uku ndi uku, n'kulunjika kudzanja lamanja kumene kwakhala Mose wa Michelangelo.

Ochepa okha ndi amene amadziwa kuti Mose ameneyu ndi chigawo chabe cha chiliza. Khoma lonse la nsangalabwi limene wakhalamolo, ndi ziboliboli zina zisanu ndi chimodzi zomuzungulira, ndi chiliza cha Papa Julius II. Pa nthawi yanga chilizachi chinali m'kati mwa nsanja zazitsulo. Ntchito yochiyeretsa ndi kuchikonza inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, motsogozedwa ndi katswiri wina dzina lake Antonio Forcellino, ndipo inatha mu 2003, chaka chimene zinakwana zaka 500 chisankhidwire Julius kukhala Papa. Chaka cha Jubile cha 2000 amwendamnjira ankasefukira mu Roma, ndipo ena akafika n'kupeza zitsulo ankang'ung'udza kuti alipira ulendo wautali kudzaona malo a zomangamanga. Ine zitsulozo ndi zimene zinkandikoka.

Julius, amene dzina lake lobadwa nalo linali Giuliano della Rovere, anapatsidwa ukadinala mu 1471 ndi Papa Sixtus IV, mbale wa bambo ake, ndipo tchalitchi chimene anamupatsa kuti chikhale chake ndi chomwechi. Anali munthu wa mtima wapachala, wokonda kulamula, wosaopa nkhondo. Mu January 1511, ali nkhalamba ya zaka 67, anapita yekha kukatsogolera asilikali ozinga mzinda wa Mirandola, m'nyengo yachisanu choopsa. Asilikali a ku Switzerland amene amalondera Papa mpaka lero anayamba ndi iyeyu mu 1506. Munthu wotere sakanafuna chiliza wamba. Mu 1505 anaitanitsa Michelangelo, mnyamata wa zaka 30 amene anali atangogwedeza Florence ndi chiboliboli cha David, ndipo anagwirizana za chinyumba chansangalabwi choima pachokha, chokhala ndi ziboliboli pafupifupi 40. Michelangelo anakakhala miyezi 8 m'mapiri a Carrara kusankha miyala. Miyala ikufika ku Roma, mtima wa Papa unali utapita kale kwina: ankafuna kugwetsa tchalitchi chakale cha Petro Woyera n'kumanga chatsopano. Mu April 1506 wosema miyalayo anapita kukapempha ndalama zolipirira miyala, alonda n'kumubweza pakhomo. Anakwera hatchi n'kuthawira kwawo ku Florence. Paja atambala awiri salira m'khola limodzi. Anadzayanjana ku Bologna chaka chomwecho, koma m'malo mwa chiliza Papa anadzamupatsa ntchito yojambula denga la tchalitchi cha Sistine, imene inamudyera zaka za 1508 mpaka 1512. Mu February 1513 Julius anamwalira chiliza chake chisanaimikidwe ngakhale mwala umodzi.

Aliyense amene anasonkhetsapo ndalama za chiliza pamtundu akudziwa zimene zimatsatira: chaka chino mvula, chaka chamawa fizi ya ana, mmisiri wapeza ntchito ina m'tauni, ndipo posakhalitsa wina amayamba kunong'ona kuti ndalama zinadyedwa. Ku Roma zinayenda chimodzimodzi, kungoti zinatenga zaka 40. Achibale a Julius, mafumu a ku Urbino, anasainirana mapangano atsopano ndi Michelangelo mu 1513, mu 1516, mu 1532 ndi mu 1542, ndipo chiliza chinkangocheperachepera. Apapa obwera pambuyo ankamulanda wosemayo kuti awagwirire zawo: Leo X ndi Clement VII anamutuma ntchito za banja lawo la Medici ku Florence, Paul III anamuika pa ntchito yojambula Chiweruzo Chomaliza pakhoma. Mbiri inawanda kuti Michelangelo anadya ndalama za Papa wakufa, ndipo zinamupweteka kwambiri. M'kalata ina ya mu 1542 anadandaula kuti unyamata wake wonse wathera atamangidwa ku manda amenewa. Chiliza chinatha mu 1545, iye ali ndi zaka 70. Ziboliboli zimene anasemera mapulani oyamba zinamwazika: akapolo awiri ali ku Louvre ku Paris, anayi osatha ali ku Accademia ku Florence. Ndipo mwini chiliza sanagonemo. Mafupa a Julius ali m'tchalitchi cha Petro Woyera, pamodzi ndi a Sixtus IV, pansi pa mwala wafulati umene anthu amaupondaponda osauwerenga.

Chifukwa cha mbiri imeneyi, mabuku amene ndinawerenga ndisanapite ku Roma ankachitenga chilizachi ngati makombo. Ankati Mose yekha ndiye wa Michelangelo weniweni, pang'ono Rakele ndi Leya amene aima m'mbali mwake, koma zam'mwambazo ndi ntchito ya anyamata ake, yongokwaniritsa pangano kuti achibale asiye kuvuta. Ndipo ukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba, maso ankavomereza zomwezo, chifukwa kumtundako kunali bii. Fumbi la zaka mazana linali litagwirana ndi mwaye wa makandulo ndi wa nyale n'kukhala chikhungwa. Munthu sangayamikire chinthu chimene sakuchiona, ndipo olemba mabuku ambiri sanakwerepo makwerero.

Amene ananditsegulira njira yokwera anali wansembe wokalamba wa chipani cha pamalopo, amene anazolowera kundiona nditakhala pabenchi la kutsogolo. Tsiku lina anandigwira pamkono n'kunditengera kwa mayi wina mwa amisiri okonzawo, wovala chovala choyera chantchito, tsitsi lake atalimanga ndi kansalu.

“Dottoressa, bambo awa achokera ku Africa ndipo benchi lija alimaliza. Aonetseniko Papa wathu.”

Mayiwo anandiyang'ana nsapato, n'kuyang'ana makwerero.

“Padre, m'mwamba simuchita chizungulire?”

Ndinawauza kuti ayi. Anandipatsa chipewa cholimba n'kundichenjeza kuti manja anga akhale m'matumba, chifukwa thukuta la m'zala ndi mafuta, ndipo nsangalabwi imamwa mafuta.

Zida zawo zinandidabwitsa pochepa kwake. Ndinkayembekeza makina. Ndinapeza timitengo tosongoka, mtolo wa thonje, timabotolo ta madzi otchezedwa opanda mchere uliwonse, masiponji ang'onoang'ono, timipeni ta madokotala ochita opaleshoni, ndi magalasi okulitsa zinthu ovala kumutu. Mayiwo ankatsina thonje pang'ono, kulikulunga kunsonga kwa kamtengo, kuliviika m'madzi, kulifinyira pa nsalu, n'kumaligubuduza pamwala. Sankapukuta ayi, ankaligubuduza, pamalo osaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Thonje likada ankaliponya m'chitini n'kukulunga lina. Pamene litsiro linali louma kwambiri ankamatapo phala lonyowa la mapepala, kulisiya kuti lifewetse, kenako n'kulimatula. Chitini chija chinkadzaza ndi timipira ta thonje totuwa, tina tachikasu, tina takuda, ndipo iwo ankatha kukuuza kuti ili ndi fumbi, uyu ndi mwaye, ili ndi phula limene wina anapaka kalekale pofuna kuwalitsa.

Chachikasu chambiri chinali pa Mose, ndipo mlandu wake unali wa kutchuka. Kwa zaka zambiri mafumu ndi masukulu a zaluso ankafuna Mose wawo, choncho amisiri ankabwera kudzatenga chikombole pa chiboliboli chenichenicho. Asanamate pulasitala ankayamba apaka mafuta kapena sopo kuti chikombole chisakanirire, ndipo zopakazo zinkalowa m'mwala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 anafika pomusuntha Mose kumubweretsa kutsogolo kuti atenge chikombole bwino. Anthu omukonda ndi amene anamudetsa kwambiri.

Chimene ndinkachita nacho chidwi koposa sichinali kuchotsa litsiro koma kudziwa polekezera. Penapake mayi aja ankasiya mwala udakali ndi kamtundu ka uchi. Nditafunsa ngati adzabwererepo mawa, anapukusa mutu.

“Apa ndiye pathera litsiro, Padre. Chatsalachi ndi ukalamba wa mwala. Ndikapitiriza ndiye kuti ndayamba kuchotsa Michelangelo.”

Anandifotokozera kuti nsangalabwi yopukutidwa kufika poyera mbee imakhala yavulala, chifukwa khungu lake lenileni, pamene pali zipsera za zida za wosema, limakhala lapita, ndipo silibwereranso. Ku Italy nkhani imeneyi si yamasewera. Zaka zochepa m'mbuyomo, mphunzitsi wina wa ku America, James Beck, anadzudzula poyera mmene anayeretsera chiliza cha Ilaria del Carretto mu mzinda wa Lucca, mpaka nkhani inakafika kukhoti. Amisiri onse amene ndinawaona pansanja paja ankagwira ntchito akudziwa kuti maso a dziko lonse ali pa zala zawo. Panalinso makamera otumiza zithunzi za ntchitoyo pa intaneti, chinthu chimene masiku amenewo chinali chachilendo. Gawo lalikulu la ndalama linachokera ku kampani yoyendetsa lotale. Wansembe wokalamba uja ankaseka nazo, amvekere Julius mwini wake sankafunsa kumene ndalama yachokera bola ntchito iyende.

Pansanja yachiwiri ndi pamene ndinakumana ndi Papa. Wagona chammbali pa bokosi lamwala, watsamira chigongono, chisoti chaupapa chili kumutu. Kuchokera pansi ankaoneka ngati thumba loiwalika pashelefu, ndipo kwa zaka mazana mabuku ankati anamusema mmisiri wamng'ono wotchedwa Tommaso Boscoli. Koma nkhope itasambitsidwa, ndinaiona pafupi ngati mmene ndikuonera pepala ili. Maso olowa, oyang'ana pansi. Masaya akugwa. Ndevu zogawika m'timitsinje tofewa. Manja ndiwo anandigwira mtima: zala zazitali, zofooka, zongolendewera, za munthu amene wasiya kugwira zinthu. Ndadzozapo odwala ambiri mafuta oyera, ndipo manja amenewo ndimawadziwa. Uyu sanali Julius wa ku Mirandola. Anali nkhalamba imene yatula pansi zonse, yosagona tulo koma yosadzukanso.

Mayi aja anazimitsa nyale yaikulu n'kuunika ndi tochi chammbali, kuwala kukukwawa pamwala. Pamenepo zipsera za tchizulo chamano zinatulukira, timizere toyendera limodzi, tokhota motsatira tsaya. Anati wosema aliyense ali ndi kayendetsedwe kake ka tchizulo, kutalika kwa mzere umene amatha kukoka asanaimitse dzanja, ndipo zimenezi munthu sangabere mnzake. Forcellino, ataona zipserazo ndi kuwerenganso mapepala akale a malipiro, ananena poyera kuti chiboliboli cha Papa, makamaka nkhope ndi manja, ndi ntchito ya Michelangelo mwini. Akatswiri ena anavomereza, ena amatsutsabe. Ine si katswiri, koma ndinaima pamenepo, ndipo sindikhulupirira kuti mmisiri wongolembedwa ganyu akanalimba mtima kumusema Papa woopsa uja ali wofooka chonchija. Anayenera kukhala munthu amene anakangana naye, kumuthawa, kumukonda, n'kukalamba akumuganizira.

Ziboliboli zina zam'mwamba, Amayi Maria atanyamula Mwana, mneneri wamwamuna ndi mneneri wamkazi, anazimaliza Raffaello da Montelupo, ndipo zimaoneka. N'zabwino, koma sizikuimitsa.

Nkhani imene inamveka kwambiri m'manyuzipepala inali ya khosi la Mose. Chiboliboli chimenechi, chotalika mamita awiri ndi masentimita 35 chili chokhala pansi, chinasemedwa cha m'ma 1513 mpaka 1515. Aliyense amachidziwa: miyala ya malamulo m'khwapa lamanja, zala zitalowa m'ndevu, mitsempha ili tolotolo pamkono, tinyanga tiwiri pamutu timene amisiri akale ankasonyezera kuwala kwa nkhope yake potsika phiri la Sinai, ndipo mutu wapotolokera kumanzere ndi maso aukali. Anthu ankaganiza kuti anabadwa choncho. Katswiri wa zamaganizo Sigmund Freud ankabwera kudzakhala pamaso pake nthawi yaitali, ndipo mu 1914 analemba nkhani yonse yofotokoza chifukwa chimene Mose wakhalira motero. Koma katswiri wa mbiri ya zaluso wa ku Germany, Christoph Frommel, anatulutsa kalata yakale ya munthu wina wodziwana ndi Michelangelo, yonena kuti wosemayo anautembenuza mutuwo patapita nthawi, chiboliboli chitatha kale. Zikumveka ngati nthano. Mwala sungaupotoze, ndipo chimene wachotsa sungachibwezere. Koma amisiri atayang'anitsitsa, thupi la Mose linayamba kuchitira umboni.

Mayi aja anandionetsa chimodzichimodzi, akuloza ndi kamtengo kawo osakhudza. Ndevu zonse zakokedwera kudzanja lamanja la Mose, chifukwa mbali inayo kunalibenso mwala wokwanira, unali utagwiritsidwa ntchito posema chibwano chatsopano. Khosi mbali imodzi n'lowuma, lopanda minofu yopotoka imene munthu wocheuka amakhala nayo, pamene Michelangelo ankadziwa thupi la munthu kuposa madokotala a nthawi yake. Mwendo wamanzere wabwezedwa m'mbuyo, ndipo bondo lake n'laling'ono poyerekeza ndi linzake, popeza analisema mkati mwa bondo lakale. Nsalu yochindikala imene yagwera pamenepo ili ndi ntchito yobisa kusiyanako. Anandionetsanso chithunzi cha kumsana kwa chibolibolicho, kumene alendo saona: kuli lamba wamkulu amene kutsogolo kulibe. Zonsezi akuti zinachitika cha m'ma 1542, iye ali ndi zaka 67. Taganizani nkhalamba kutenga chinthu chokongola kwambiri chimene inapanga ili mnyamata, chimene Roma yense ankachitama, n'kuchilowetsanso tchizulo pakhosi. Dzanja likanaphonya kamodzi kokha, kunalibe mwala wina.

Funso loti anachitiranji zimenezi linkatigawa ngakhale ife patebulo la chakudya chamadzulo. Forcellino amati Mose anafulatira guwa pamene pankalemekezedwa maunyolo a Petro, pamene anthu ankabwera kudzapata zikhululukiro. Pa zaka zimenezo Michelangelo anali pa ubwenzi waukulu ndi Vittoria Colonna ndi gulu la Kadinala Reginald Pole, Akatolika amene ankafuna Mpingo ukonzedwe ndipo ankatsindika kuti munthu amapulumuka ndi chisomo cha Khristu osati ndi zinthu zogwirika. Chaka chomwecho cha 1542 ndi chimene Paul III anakhazikitsa bwalo la Inquisition, lozenga milandu ya chikhulupiriro, ku Roma, ndipo ena a m'gululi anadzavutika nalo. Ena amati nkhani si imeneyo, Mose anangotembenukira kuwala kwa zenera. Mnzanga wina wophunzira malamulo a Mpingo ankapsa mtima ndi maganizo oyambawo, amvekere akufuna kumusandutsa Michelangelo Mpulotesitanti. Ine sizinkandivuta. Munthu amene anaona ndi maso ake mmene apapa anayi kapena asanu ankagwiritsira ntchito ndalama ndi zinthu zoyera anali ndi chifukwa chofunira kuti Mose ayang'ane kwina, ndipo kutero sikutuluka mu Mpingo. Komanso mneneri wofulatira guwa n'kuyang'ana kuwala kochokera kumwamba, zifukwa ziwirizo sizilimbana.

Za kuwalazo zinatsimikizika ndi khungu la mwala. Litsiro litachoka, zinaoneka kuti Michelangelo sanasalaze ziboliboli mofanana ponseponse. Mbali zina anazikwecha ndi mwala wopepuka uja wa m'mapiri ophulika n'kuzisiya zosawala. Mbali zina anazipukuta mpaka kunyezimira ngati galasi, akuti pogwiritsa ntchito mtovu. Ndipo zonyezimirazo ndi zimene dzuwa linkagwapo kuchokera pa zenera lina lakumtunda, mbali imene Mose akuyang'ana. Mkono wamanzere wa Mose ndi umodzi mwa malo amenewo. Ndiye kuti mkuluyu ankabwera m'tchalitchimu, kuona mmene dzuwa likuyendera, n'kumaliza mwala uliwonse molingana ndi kuwala kumene udzalandire. Munthu wongofuna kuthana ndi ngongole sachita zimenezo. Tsoka lake zenera limenelo linatsekedwa m'zaka za m'ma 1800 pomanga nyumba zoyandikana ndi tchalitchi, ndipo chiliza chinakhala mumdima umene mwini wake sanaukonzere.

Chinanso chimene ndinachiona ndili pamwamba ndi chakuti khomalo si logonthi. Kuseri kwake kuli chipinda chimene ansembe a chipanicho ankaimbiramo mapemphero a tsiku ndi tsiku. Pakati pa ziboliboli zam'mwamba pali timazenera tinayi, ndipo pamwamba penipeni pali chipata chachikulu chokhota ngati uta, chimene mibadwo yapambuyo inachitseka ndi magalasi ndipo okonzawo anachitsegulanso. Zonsezi zinali zoti mawu a masalimo azidutsa m'chiliza n'kutsikira kwa anthu, oimbawo osaoneka. Wansembe wokalamba uja analowa kuseriko tsiku lina madzulo, alendo atachepa, n'kuyamba salimo ndi mawu ake onjenjemera, kuti ine ndimve ndili pansi. Mawuwo ankamveka ngati akutuluka pamwamba pa Papa wogonayo. Mayi aja anaimitsa ntchito, kamtengo kali m'manja, mpaka mkuluyo anatsokomola n'kulekeza pakati.

Rakele ndi Leya nawonso anasintha m'maso mwanga atayera. Rakele wafunda kumutu, manja wapinda, maso kumwamba: moyo wa kupemphera. Leya waima nji, maso pansi: moyo wa ntchito. Michelangelo anachita kupempha kuti awaseme iwowa m'malo mwa akapolo awiri aja, amene anali pafupi kutha. Akapolowo ndi matupi a anyamata opotokola, amphamvu, ofuna kudula zingwe, oyenera chiliza cha Papa wogonjetsa mizinda. Wosema wa zaka 30 ankafuna zimenezo. Wa zaka pafupifupi 70 anawachotsa n'kuikapo akazi awiri odekha, ovala bwinobwino. Anthu amati chiliza chinachepa chifukwa cha kusowa ndalama ndi nthawi, ndipo n'zoona. Koma pamene ndalama zinamusiyira malo ochepa, zoikamo anasankha yekha, ndipo anasankha mosiyana ndi mmene akanasankhira kale. Panopa, pamene nanenso ndafika msinkhu umenewo, ndimawakonda akazi awiriwa kuposa akapolo a ku Louvre, ngakhale ndikudziwa kuti akatswiri angandiseke.

Pali nthano imene otsogolera alendo amaikonda, yoti Michelangelo atamaliza Mose anamumenya ndi hamala pabondo pomulamula kuti alankhule. Alendo ankasuzumira kufuna chipsera chake. Mayi aja, amene bondo limenelo analisambitsa ndi thonje kachigawo ndi kachigawo, ankangomwetulira akamva zimenezo. Nkhani imene ili ndi umboni ndi ya wolemba mbiri ya amisiri, Giorgio Vasari, amene analemba kuti Ayuda a mu Roma ankabwera m'magulu tsiku la Sabata, amuna ndi akazi, kudzaona Mose wawo m'tchalitchi cha Akhristu.

Masiku amenewo, ndiponso zaka zambiri pambuyo pake, pambali pa chiliza panali kabokosi koponyamo ndalama kuti magetsi ayake kwa kanthawi. Ndinafika tikuponya ma lira, ndinachoka tikuponya ma euro, amene analowa mu January 2002. Anthu ankaima phee mumdima, aliyense akudikira kuti mnzake ndiye aponye, ndipo wina akaponya onse ankathamangira kutsogolo ndi makamera. Magetsiwo ankamenya chiliza chonse mofanana kuchokera kutsogolo, n'kufafaniza kusiyana konse kwa malo owala ndi osawala kumene amisiri anavutika kukutulutsa. Mayi aja ankadana nawo kwambiri magetsi amenewo. Tsiku limene ndinakawatsanzika anandigwira chanza ndi dzanja lozizira ndi madzi, n'kunena kuti, “Padre, mukadzabweranso mudzapeza fumbi labwerera. Ntchito yathu ndi yotero.”

Linabwereradi. Patapita zaka zoposa khumi, mpweya ndi fumbi la alendo ochuluka zinali zitaphimbanso mwala, ndipo Forcellino anaitanidwa kudzayeretsanso. Ntchito imeneyo inatha kumayambiriro kwa 2017, ndipo ulendo uno anaikanso magetsi atsopano, okonzedwa ndi Mario Nanni, otsanzira dzuwa limene linkalowa pa zenera lotsekedwa lija, kuwala kwake kukusintha pang'onopang'ono monga kuyambira m'mawa kufika madzulo. Wansembe wachinyamata wa dayosizi yathu amene anabwera kuchokera ku Roma anandionetsa zithunzi zake pafoni. Mkono wa Mose unali kunyezimira pomwe paja anandilozera ndi kamtengo, ndipo nkhope ya Papa inkaoneka bwinobwino kuchokera pansi.

Achinyamata amene amatumidwa ku Roma akabwera kudzanditsanzika ndimawauza kuti akapiteko, koma asakapite nthawi ya nkhomaliro chifukwa tchalitchicho amatseka masana. Akalowa ayambe agwada ku maunyolo, popeza ndiwo eni nyumba. Akafika kwa Mose asakathere pa ndevu ndi nyanga. Akaone bondo lamanzere, akaliyerekeze ndi lamanja, kenako abwerere m'mbuyo mpaka msana ugunde mzati, akweze maso, afunefune manja a Julius.